John Kirk, mswachi wowawa ndi chinsinsi cha kombe

Nyengo ya masuku ikafika, pamsika wa Migowi pamadzaza milu ya zipatsozi, ana akumayamwa mpaka milomo kumata. Ine ndidakula ndikutola masuku m'munsi mwa phiri la Michesi, koma zidanditengera zaka zambiri kuti ndidziwe kuti chipatso chimenechi chidasenza dzina la mzungu. Akatswiri a zomera padziko lonse amautchula mtengo wa msuku kuti Uapaca kirkiana. Mawu achiwiriwo adachokera pa dzina la John Kirk, dokotala wa ku Scotland amene adaponda dziko lino mu 1859. Mtengo wa mtumbu nawo amautcha Kirkia acuminata. Mapiri a Kirk Range a ku Neno ndi ku Ntcheu aja, amene tinkaloweza kusukulu, ndi a mkulu yemweyu.

Tsiku lomwe ndidamva zimenezi, kamtima kadandipsa. Masuku athu omwewa, amene makolo adadya kuyambira makedzana, akhale bwanji a Kirk? Ndiye ndidayamba kufufuza kuti kodi munthuyu adali ndani. Ndidakumana ndi nkhani ya mswachi, mivi ya alenje a ku Chikwawa ndi mankhwala a mtima. Nkhaniyi ndikufuna tigawane, achinyamata anzanga, chifukwa ikukhudza tchire lomwe tikulitentha makala lero.

John Kirk adabadwa pa 19 December 1832 m'kamudzi ka Barry ku Scotland. Bambo ake adali abusa. Adaphunzira udokotala pa yunivesite ya Edinburgh ndipo adamaliza mu 1854. Masiku amenewo dokotala aliyense ankaphunziranso za zomera, poti mankhwala ambiri a m'chipatala ankachokera ku masamba, makungwa ndi mizu. Kirk mbali imeneyi adaikonda kwambiri. Atangomaliza sukulu adapita kukathandiza asilikali odwala pa nkhondo ya ku Crimea, ndipo ali kumeneko, ku dziko lomwe lero ndi Turkey, nthawi yopuma ankaigwiritsa ntchito kutola zomera ndi kujambula zithunzi.

Mu 1858, David Livingstone akukonza ulendo wake wa mumtsinje wa Zambezi, adafuna munthu woti akhale dokotala komanso wofufuza zomera zomwe zingapindulitse pa malonda. Adasankha Kirk, mnyamata wa zaka 25. Taganizani, msinkhu wa ambiri a inu amene mukuwerenga izi pafoni. Ntchito yake idali kutola chomera chilichonse chachilendo, kuchiumitsa pakati pa mapepala, kulemba komwe wachipeza ndi zomwe eni dziko amachita nacho, kenako kutumiza ku munda waukulu wa zomera wa Kew ku London.

Sitima yawo, Ma Robert, italephera kudutsa mathithi a Kebrabasa pa Zambezi, gululi lidatembenukira ku Shire kumayambiriro kwa 1859. Adasiya sitimayo pamudzi wa mfumu Chibisa ku Chikwawa n'kuyamba wapansi. Pa 18 April 1859, Livingstone ndi Kirk adafika poti n'kuiona nyanja ya Chilwa, phiri la Mulanje litangoti njo chakummwera. Ndikamaganiza za tsikuli ndimaseka ndekha. Mabuku akale amati iwo adatulukira nyanjayi, chonsecho asodzi adali akuwedzamo matemba, ndipo amene adawalozera njira adali anthu akonkuno. Mu September chaka chomwecho adafikanso ku nyanja ya Malawi.

M'chigwa cha Shire ndimo Kirk adakumana ndi kombe. Alenje Achimang'anja ankapaka mivi yawo phala lochokera ku njere za chomera china choyanga m'mitengo ikuluikulu. Maluwa ake ali ndi timichira titalititali topotana, ndipo zipatso zake zimabala ziwiriziwiri motambasuka ngati nyanga za ng'ombe. Zikauma zimang'ambika, njere zokhala ndi kaubweya kumutu n'kumauluka ndi mphepo. Alenjewa ankasinja njerezo, kupaka kumuvi, ndipo nyama yolasidwa siinkapita patali. Akaipeza itagwa, ankacheka n'kutaya mnofu wozungulira bala, yotsalayo n'kudya popanda vuto. Izi zikusonyeza kuti anthuwa ankadziwa bwino mbali ya chomera yomwe ili ndi mphamvu, kakonzedwe kake, mlingo wake, komanso momwe poizoniyo amayendera m'thupi. Adali asayansi opanda malaya oyera.

Kirk adatenga poizoniyo pang'ono n'kuika m'thumba. Mwangozi, m'thumba lomwelo mudalinso mswachi wake. M'mawa wina akutsuka mkamwa adamva kuwawa kwachilendo, koma adangoti mwina ndi kwinini amene ankamwa popewa malungo. Nthawi imeneyo n'kuti ali ndi chimfine ndipo mtima wake unkagunda mothamanga. Atangotsuka mkamwa, kugundako kudatsika. Munthu wina akadangolavula n'kuiwala. Kirk, poti adali dokotala wa maso akuthwa, adalumikiza zinthu ziwirizi: kadontho ka poizoni wa alenje kadakhudza mtima wake. Adaganiza kuti chomwe chimapha njati chikachuluka, mwina chikhoza kuthandiza mtima wodwala chikachepa. Livingstone adalemba nkhaniyi m'buku la ulendowu lomwe lidatuluka mu 1865.

Poizoniyo ndi zitsanzo za chomeracho zidapita ku Britain. Mu 1871 katswiri wa ku Kew, Daniel Oliver, adachipatsa dzina loti Strophanthus kombe. Apa pokha dzina lathu lidapulumuka, mawu oti kombe adalowa m'mabuku a sayansi ndipo alimobe mpaka lero. Amene adagwira ntchito yaikulu yofufuza zam'kati mwa njerezi adali Thomas Fraser wa ku Edinburgh. Adatha zaka zoposa khumi ndi zisanu akuviika njere m'mowa wa m'labotale, kusefa, kuphwetsa, kuyesa pa achule ndi akalulu, mpaka adapatula chinthu chowawa chomwe adachitcha strophanthin. Mu 1885 adalengeza kwa madokotala anzake kuti chinthuchi chingathandize anthu amene mtima wawo ukulephera kupopa magazi. Njere zina zomwe ankagwiritsa ntchito adamutumizira ndi John Buchanan, mzungu wolima khofi ku Zomba.

Lero tikudziwa chomwe chimachitika. M'timaselo ta mnofu wa mtima muli tizipopa tating'ono kwambiri totulutsa mchere wa sodium ndi kulowetsa wa potassium. Strophanthin amatchinga tizipopa timeneti. Akatchinga pang'ono, calcium amachuluka m'selo ndipo mtima umafinya mwamphamvu. Akatchinga kwambiri, mtima umasokonezeka n'kuima. Pakati pa kuchiza ndi kupha pali kampata kochepa zedi, choncho wina asayerekeze kukayesa kombe kunyumba, mwamva?

Kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London idayamba kugulitsa mankhwalawa m'mabotolo, ndipo njere za kombe zidasanduka katundu wotumiza kunja kuchokera m'dziko lino. Anthu a m'chigwa cha Shire ankatola m'tchire n'kugulitsa kwa azungu pa mtengo wolira, phindu lenileni n'kumakakhala kutsidya la nyanja. Kenako padabuka vuto. Strophanthus alipo wa mitundu yambiri, ndipo njere zake zimafanana. M'matumba munkasakanikirana mitundu yosiyana, motero botolo lina linkakhala lamphamvu kwambiri, lina lofooka. Kwa wodwala mtima imeneyo ndi nkhani ya moyo ndi imfa. Njira yomwe adapeza yozindikirira njere zenizeni idali yodula njere pakati n'kudonthezapo asidi wa sulphuric. Ya kombe weniweni imasanduka yobiriwira. Ndiko kuyeza kwa nthawi imeneyo: dontho la asidi ndi diso la munthu, basi.

Tibwerere kwa Kirk. Zaka zake zisanu pa ulendowu zidali zowawa kuposa mswachi uja. Mu 1860, pobwerera kuchokera ku mathithi a Victoria, bwato lake lidagubuduzika pa Kebrabasa. Iye adapulumukira mkamwa mwa mbuzi, koma zolemba zake, zojambula za zomera ndi zipangizo zake zidapita ndi madzi. Inu amene foni idakugwerani m'madzi musadasunge zithunzi kwina, kaululu kake mukukadziwa, tsono onjezani kuti idali ntchito ya miyezi yambirimbiri yoyenda wapansi. Adayambiranso. Mu July 1861 adali nawo pamudzi wa Mbame pomwe gulu la Livingstone lidamasula akapolo 84 omangidwa m'magoli, omwe pambuyo pake adakakhala pa mishoni ya Magomero, kufupi ndi kwathu kuno. Mu April 1862 adayesetsa kuchiza Mary, mkazi wa Livingstone, koma malungo adamutenga mayiyo ku Shupanga. M'buku lake la tsiku ndi tsiku Kirk sadabise kuti nthawi zina ankaona Livingstone ngati mtsogoleri wouma mutu woika miyoyo ya anzake pachiswe. Ngakhale zidali choncho, sadamuthawe. Adachoka mu 1863 kamwazi atamufooketsa.

Mu 1866 adapita ku Zanzibar ngati dokotala pa ofesi ya kazembe wa Britain, ndipo pang'onopang'ono adakwera mpaka kukhala kazembe wamkulu. Chaka chotsatira adakwatira Helen Cooke. Nthawi imeneyo Zanzibar udali msika waukulu wa akapolo, ambiri mwa iwo ochokera m'madera ozungulira nyanja ya Malawi kudzera ku Kilwa. Kirk adali ataona ndi maso ake midzi yopserera ndi mitembo yoyandama mu Shire. Mu 1873, nthumwi ina ya Britain, Bartle Frere, italephera kumugonjetsa Sultan Barghash, Kirk adamuuza mfumuyo poyera kuti sitima zankhondo zitseka chilumbacho. Pa 5 June 1873 Barghash adasaina pangano loletsa kutumiza akapolo panyanja, ndipo msika uja udatsekedwa. Pamalopo lero pali tchalitchi chachikulu cha Anglican. Malondawo sadathe tsiku limodzi ayi. Ife a ku Phalombe umboni tili nawo pakhomo: Fort Lister, pampata wa pakati pa Michesi ndi Mulanje, adamangidwa mu 1893 pofuna kutseka njira yomwe akapolo ankadutsitsidwabe kupita kugombe.

Mu 1874 Kirk adali mmodzi mwa onyamula bokosi la maliro a Livingstone ku Westminster Abbey. Adakhala ku Zanzibar zaka pafupifupi makumi awiri, akutolabe zomera ndi kutumiza ku Kew. Adamwalira pa 15 January 1922 ku Sevenoaks, ku England, ali ndi zaka 89.

Sindikufuna kumupaka utoto woyera munthuyu. Kirk adali wantchito wa ufumu wa Britain. Mphamvu zomwe adatsekera msika wa akapolo ndi zomwenso zidatsegulira njira atsamunda kum'mawa kwa Africa, ndipo atapuma ntchito adakhala mmodzi mwa akuluakulu a kampani ya Imperial British East Africa. Zomera ankazifufuza kuti zipindulitse kwawo. Pa nkhani ya kombe, mabuku adasunga mayina a Kirk, Fraser ndi Buchanan, koma alenje amene adali eni nzeruzo adangotchedwa mtundu, opanda dzina, opanda gawo pa phindu. Komabe pali chimodzi chomwe ndimamuvulira chipewa. Sadanyoze zomwe adaona kwa anthu akumudzi. Adafunsa, adalemba, adayesa. Ambirife lero, ndi madigiri athu, agogo akatchula mtengo timangoti zachikale izo.

Tsono tiyerekeze zida za Kirk ndi zomwe zilipo lero. Iye adali ndi lilime, chala chogwira mtsempha ndi kope. Fraser zidamutengera zaka zoposa khumi ndi zisanu pa chomera chimodzi, ndipo pambuyo pake zidadziwika kuti strophanthin wake uja adali chisakanizo cha makemikolo angapo apachibale. Njira yolekanitsira zosakanikirana ngati zimenezi idayamba ndi katswiri wa zomera wa ku Russia, Mikhail Tsvet, amene mu 1903 adathira madzi a masamba m'chubu chodzaza ufa wonga wa choko n'kuona mitundu ikupatukana, yobiriwira payokha, yachikasu payokha. Njirayi adaitcha chromatography. Kuti muimvetse, ganizirani mtsinje wa Phalombe ukasefukira. Miyala ikuluikulu imatsala kufupi ndi phiri, mchenga umafika patsogolo, matope n'kukathera ku Chilwa. M'chubu muja namonso makemikolo ena amakakamira, ena amathamanga, ndipo amatuluka mmodzimmodzi.

Makina amakono amalumikiza chubu chimenechi ku chipangizo china chotchedwa mass spectrometer. Kemikolo aliyense akamatuluka, chipangizochi chimamuyeza kulemera, kumuphwanya tizidutswa, n'kuyezanso tizidutswato. Zotsatira zake zili ngati chidindo cha chala chomwe mudadinda potenga chiphaso cha unzika, aliyense ali ndi chake. Kompyuta imafananiza chidindocho ndi zomwe zidasungidwa kale. Kachidutswa ka tsamba kochepa ngati chikhadabo kakhoza kuonetsa makemikolo mazanamazana pasadathe ola limodzi, ndipo ambiri mwa iwo amapezeka kuti alibe ndi dzina lomwe. Akatswiri amayerekeza kuti zomera zonse pamodzi zimapanga makemikolo oposa 200,000.

N'chifukwa chiyani zomera zimavutikira kupanga zonsezi? Chomera sichingathawe mbuzi, mbozi kapena chiswe. Chidaima pomwe chidamera, ndiye chitetezo chake ndi kuwawa, fungo ndi poizoni. Kombe sadapange strophanthin poganizira odwala a ku Edinburgh, adapanga kuti njere zake zisadyedwe. Tizilombo nato timapeza njira zake. Anunkhadala aja amadya zomera zapoizoni n'kusunga ena mwa makemikolowo m'thupi, n'chifukwa chake mbalame zambiri zimawalambalala. Ndipo makemikolo a chomera amasintha malinga ndi dothi, nyengo, kutalika kwa malo, ngakhalenso mtundu wa makolo ake.

Mfundo yomalizayi idandikumbutsa agogo anga aakazi. Iwo ankasunga khobwe ndi nandolo pothira ufa wa masamba a ombwe, ndipo zaka zambiri zinkayenda bwino. Chaka china adathyola masamba ku mitengo ina yomwe mbewu yake adachita kupatsidwa. Pofika mwezi wa October khobwe yense adali atafumbwa, thumba lidangotsala ufa ndi tizilombo. Agogo adadandaula masiku ambiri, akumadzifunsa kuti adalakwitsa pati, mwinanso kuganizira kuti pali dzanja la munthu. Ife adzukulu tidangoti zitsamba n'zabodza, tigule mankhwala a m'sitolo.

Patapita zaka ndidawerenga za kafukufuku amene adatuluka mu 2012, wochitidwa ndi akatswiri a ku Kew ndi a Natural Resources Institute ya ku yunivesite ya Greenwich mogwirizana ndi ofufuza a kuno ku Malawi. Adatola masamba a ombwe, amene pa sayansi ndi Tephrosia vogelii, m'madera osiyanasiyana a dziko lino n'kuwayeza ndi makina ndafotokoza aja. Adapeza kuti ombwe alipo wa magulu awiri ovuta kuwasiyanitsa ndi maso. Gulu loyamba lili ndi makemikolo opha tizilombo monga deguelin ndi tephrosin. Lachiwiri lilibe, ndipo pafupifupi chimodzi mwa zitsanzo zinayi zilizonse zidali za gulu lopanda mphamvuli. Sindingalumbire kuti ndi zomwe zidachitikira agogo, poti mitengo ija idadulidwa kalekale. Koma ndidachita manyazi. Mwina nzeru zawo zidali zolondola, chomwe chidawapusitsa ndi mtengo wofanana nkhope ndi unzake koma wosiyana zam'kati. Ndi vuto lomwe lija la njere za kombe zosakanikirana m'matumba.

Apa ndiye pagona nkhani kwa ife. Pa WhatsApp ndi pa Facebook padzaza malonda a mabotolo a zitsamba ochiza chilichonse, kuyambira shuga mpaka mphamvu za kuchipinda. Ena amameza osafunsa, ena amanyoza zonse ngati zaufiti. Moyo wa Kirk ukutiphunzitsa njira yachitatu: mvera eni nzeru, kenako yeza. Chomera chikhoza kukhala ndi mankhwala enieni, koma popanda kudziwa kemikolo yake ndi mlingo wake, botolo lomwelo likhoza kukhala madzi chabe kapena kukuwononga impso. A Malawi ena adayamba kale kuyenda njira imeneyi. Pulofesa Jerome Msonthi wa ku Chancellor College adafufuza makemikolo a zitsamba zathu zambiri mogwirizana ndi gulu la Kurt Hostettmann la ku Lausanne, ndipo ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens komwe amasunga zitsanzo za zomera za dziko lino. Pangano la Nagoya la mu 2010, lomwe Malawi adalowa nawo, limati wotenga chomera kapena nzeru za anthu akumudzi ayenera kupempha chilolezo ndi kugawana nawo phindu. Alenje a kwa Chibisa mwayi umenewu adalibe.

Chomwe chimandisowetsa tulo n'chakuti makina afika pomwe tchire likutha. Mkungudza wa m'phiri la Mulanje, mtengo wa fuko lathu, matabwa ake amanunkhira ndipo chiswe sichiwayandikira chifukwa cha mafuta omwe ali m'kati mwake. Pomwe akatswiri adawerenga mu 2017, adapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha. Michesi amene ndinkatolamo masuku adayera mbali zambiri, ndipo tonse tikukumbukira zomwe napolo wa 1991 ndi namondwe Freddy wa 2023 adatichita. Mtengo uliwonse wolowa mu uvuni wa makala umapita ndi makemikolo omwe palibe adawayezapo. Nkhalamba iliyonse yomwe tikuika m'manda tisadaifunse imapita ndi mayina a mitengo ndi ntchito zake.

Foni yomwe ili m'manja mwanuyo ili ndi kamera yoposa yomwe Kirk ankasenza, imadziwa malo omwe mwaima, ndipo zomwe mwasunga sizingamire pa Kebrabasa. Mukapita kumudzi, khalani pansi ndi agogo. Jambulani mtengo, tsamba, duwa ndi chipatso. Lembani dzina lake m'Chichewa ndi m'Chilhomwe, komwe umamera, mwezi womwe amathyola, ndi ntchito yake. Lembaninso dzina la amene wakuuzaniyo, kuti mawa wina akadzapeza mankhwala m'menemo, mwini nzeru asadzasowe ngati alenje aja. Amene muli ku sekondale ndipo Chemistry imakuvutani, limbani nayo, dziko lino likusowa anthu odziwa kuwerenga zomwe makinawa amatulutsa.

Ine ndidayamba mochedwa, agogo anga adapita ndisadawafunse zambiri. Kope langa lili ndi mitengo yochepa chabe, yomwe azakhali anga akukumbukirabe. Patsamba loyamba ndidalemba msuku, ndipo m'munsi mwake, ndi zilembo zing'onozing'ono, dzina lija la Kirk.